Mayi wa Zaka Zapakati ku Chitipa: Mafunso ndi Mayankho

Boma la Chitipa, limene m'masiku a atsamunda linkatchedwa Fort Hill, lili kunsonga kwenikweni kwa dziko lathu, kumene Malawi achita malire ndi Tanzania ndiponso Zambia. Ndipo pa kalembera wa 2018 mudapezeka anthu 234,927, okhala pansi pa mafumu aakulu monga Mwabulambya, Kameme, Mwenemisuku, Mwenewenya ndi Nthalire. Mwa khamu lonselo muli gulu limodzi limene aliyense amalitsamira, koma owerengeka okha ndiwo amalifunsa za kumtima kwake, ndilo la amayi amene apitirira zaka 40 koma sanafike pa ukalamba. Alendo a zachitukuko akafika pamudzi amafunsa za atsikana, a chipatala amafunsa za oyembekezera, a boma amalemba maina a nkhalamba. Mayi wapakatiyu ndiye amawayalira mphasa alendowo ndi kuwaphikira, nabwerera kumoto dzina lake lisanatchulidwe. Mafunso otsatirawa ndi ena mwa amene amayi otere amafunsana pachigayo, pamaliro ndi pochokera kutchalitchi, ndipo tawayankha monga momwe tingathere, popeza safunsa adadya phula.

Funso: Kodi zaka zapakati ndi ziti, nanga n'chifukwa ninji tizipatulira nkhani yakeyake?

Yankho: Palibe mfumu kapena dotolo amene adadula malire ake, koma anthu ambiri amaziwerenga kuyambira pa zaka 40 kufikira pa zaka 60. Ndiyo nyengo imene mwana wachitsirizira wachoka kumsana, ana oyamba alowa m'banja kapena apita kukafuna maganyu ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Joni, makolo ndi apongozi ayamba kufooka, ndipo mayi, amene kwa zaka zambiri ankadzutsidwa ndi kulira kwa khanda, aona kwa nthawi yoyamba kuti tsiku lili ndi mpata.

Chifukwa chopatulira nkhaniyi n'chakuti nyengoyi yatalika. Pamene zaka za m'ma 2000 zinkayamba, mliri wa Edzi uli pachimake, Mmalawi wobadwa nthawi imeneyo ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosakwana 50. Koma boma lidayamba kupereka mankhwala a ARV aulere mu 2004, imfa za ana nazo zidachepa, ndipo lero chiwerengero chija chapitirira zaka 60. Tsono mayi wa zaka 45, Mulungu akamsunga, akhoza kukhala ndi zaka 20 kapena 30 patsogolo pake, zimene zili zofanana ndi zonse zimene adathera polera ana. Zaka zochuluka chotere sizoyenera kungozidikira pakhonde kuti zithe.

Funso: Tidakulira m'mwambo wakuti mkazi ndi wosamala anthu ena. Kodi kuyamba kudzifunira zabwino sikudzikonda kumene?

Yankho: Funso ili ndilo gwero la ena onse, ndipo liyenera kuyankhidwa modekha. Dziko la Chitipa lidazolowera kutamanda oyenda. Amuna ake adapita ku migodi ya golide ya ku Lupa m'Tanganyika, ena ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, ena ku Joni. Ndipo dziko lonse lidamva za Legson Kayira, mnyamata wa m'mudzi wa Mpale kwa Nthalire, amene mu 1958 adanyamuka wapansi kufunafuna maphunziro, nafika ku Khartoum patapita zaka ziwiri, naphunzira ku America, nalemba mbiri ya ulendo wake m'buku limene lidatuluka mu 1965. Koma pa mwamuna aliyense amene adapita, padali mkazi amene adatsala, wolima mawere ndi nyemba, woika maliro, wosunga mudzi kuti wapaulendoyo apeze pobwerera; ndipo za iyeyu palibe adalemba buku.

Potero sitikunena kuti mayi atenge mtolo wake nathawe pakhomo, iai. Tikunena kuti, ali pakati pa anthu ake omwewo, akhale ndi gawo lakelake: thanzi limene alisamala, zilembo zimene awerenga yekha, kandalama kamene kali m'dzina lake, munda umene sadzathamangitsidwapo, ndi mawu amene amveka pabwalo. Nkhokwe imene miyendo yake yadyedwa ndi chiswe imagwa ndi chimanga cha banja lonse, ndipo woichirikiza sanalakwire ana. Ngakhale Buku Lopatulika silitamanda mkazi wopanda kanthu: mkazi wangwiro wa kumapeto kwa Miyambo ndi wogula munda ndi wochita malonda, Lidiya wa ku Tiyatira adalandira atumwi m'nyumba mwake chifukwa adali ndi nyumba ndi malonda a chibakuwa, ndipo Dorika wa ku Yopa adaveka akazi amasiye chifukwa adali ndi luso m'manja mwake. Wopanda kanthu alibe chopatsa.

Funso: Thupi langa lasintha: usiku ndimatuluka thukuta, mtima umapsa pachabe, ndipo kumwezi ndikupita modukizadukiza. Kodi ndadwala, kapena wina wandichita chipongwe?

Yankho: Mayi, simunalodzedwe. Imeneyi ndi nyengo yosiya kusamba, imene imafikira akazi ambiri pakati pa zaka 45 ndi 55, pamene timadzi ta m'thupi timene tinkayendetsa msambo tiyamba kuchepa. Kutentha kodzidzimutsa kumaso ndi pachifuwa, thukuta la usiku, kusowa tulo, kuiwalaiwala, kuphwanya kwa mfundo ndi kuuma kwa kumaso kwa chikazi, zonsezi ndi zizindikiro zodziwika, ndipo kwa ambiri zimazilala pakapita zaka zingapo. Mkazi amawerengedwa kuti wasiyiratu pakatha miyezi 12 osaona msambo. Isanakwane miyeziyo akhoza kuima, choncho asafulumire kutaya njira yake yolera. Kusiya kusamba sikutseka chitseko cha kuchipinda, monga ena amaopsezera kuti mkazi wotere akakhala malo amodzi ndi mwamuna wake adzatupa mimba. Komanso sikutchinga kachilombo ka HIV, kotero kuti kuyezetsa magazi kukhalabe kofunika.

Pali zizindikiro zina zimene siziyenera kugonekedwa. Kutaya magazi mutasiya kale kusamba, kutaya magazi mukakhala malo amodzi ndi bambo, chikazi chonunkha chosatha, ndi chotupa cha m'bere, zimenezi pitani nazo kuchipatala sabata yomweyo. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero yapha akazi ambiri koposa, chonsecho ndi nthenda imene ikapezeka msanga imachizika, ndipo kuyeza kwake n'kwa mphindi zowerengeka. Funsani pa chipatala chachikulu cha pa boma la Chitipa, pa chipatala cha mishoni cha Kaseye, kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kuti akuuzeni tsiku ndi malo oyezera. Ndipo pomwepo yezetsaninso kuthamanga kwa magazi ndi shuga, pakuti nthenda ziwirizi zimakula mwakachetechete m'zaka zomwezi. Adzukulu anu aakazi a zaka 9 ali ndi katemera woteteza khansa ija, amene boma lidayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019. Inu katemerayo adakupitani, koma kuyezetsa kudakalipo, ndipo mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Funso: Sukulu ndidalekezera Sitandade 3. Kodi pa msinkhu uno sindikasekedwa ndikagwira choko ndi kope?

Yankho: Poyamba chotsani mlandu pamutu panu. Maphunziro aulere a kupulayimale adayamba mu 1994. Mayi wobadwa mu 1975 adali ndi zaka 19 pamenepo, ndipo ambiri a msinkhu umenewo adali kale pabanja. M'masiku a fizi, bambo wa ana asanu ndi atatu akakhala ndi ndalama ya ana awiri, ankasankha anyamata, ndipo mtsikana ankawerengedwa ng'ombe zimene adzabweretsa. Kulekeza kwanu sikudali ulesi kapena kupepera kwa mutu.

Kachiwiri, yesani bwino nzeru zimene muli nazo. Chitipa ndi boma la zilankhulo zoposa 10, ndipo si chachilendo kupeza mayi amene alankhula Chilambya kapena Chisukwa pakhomo, apemphera m'Chitumbuka, amva nkhani za pawailesi m'Chichewa, natsatsa malonda m'Chiswahili ku Tunduma ndi m'Chibemba ku Nakonde, nasintha makwacha a maiko awiri ndi mashilingi m'mutu mwake osalakwitsa. Munthu wotere akadzitcha mbuli, adzinamizira yekha. Chimene chimsowa ndi zilembo basi, ndipo zilembo n'zochepa poyerekeza ndi zimene adaphunzira kale popanda mphunzitsi.

Sukulu za kwacha, zimene boma lidazikhazikitsa m'dziko lonse mu 1986, zidapangidwira anthu otere, ndipo ophunzira ake ambiri ndi amayi. Alangizi a chitukuko cha m'midzi ndiwo amadziwa kumene kalasi ikukumana, ndipo kumene kulibe, amayi khumi kapena makumi awiri akagwirizana akhoza kukapempha kuti itsegulidwe. Amene adafika kusekondale koma nalekezera panjira chifukwa cha pakati kapena fizi, akhoza kulowa sukulu za masana zotsegukira aliyense, nalembetsa mayeso a MSCE. Chenjezo limodzi lokha: munthu akapitirira zaka 40, maso amayamba kulephera kuona zapafupi, ndipo ambiri amasiya kalasi poganiza kuti mutu wauma, pamene chofunika chidali magalasi owerengera otsika mtengo. Mphotho ya khama limeneli si satifiketi yokha. Ndi kuwerenga nokha uthenga wa pafoni, kusaina dzina m'malo modinda chala, ndi kusunga nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money popanda kuiulula kwa mwana wa eni.

Funso: Nanga chuma ndichiyambe bwanji, popeza ndalama zonse zimathera pa fizi, feteleza ndi maliro?

Yankho: Njira imene amayi ambiri aipeza yofikirika ndi banki m'khonde, imene bungwe la CARE lidayambitsa ku Niger mu 1991 isanafalikire kuno. Kayendedwe kake n'kotere: anthu 15 kufikira 25 odziwana amakumana sabata ndi sabata, aliyense nagula masheya monga mwa mphamvu yake; ndalama zimasungidwa m'bokosi la maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana, kuti lisatsegulidwe gulu lisanasonkhane; wofuna ngongole amabwereka molingana ndi masheya ake, nabweza ndi chiwongoladzanja; ndipo pakutha pa chaka onse amagawana, yense monga adaponyera. Pambali pamakhala kathumba ka zadzidzidzi kothandiza pa matenda ndi maliro. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Koma pali misampha itatu imene yagwetsa amayi ambiri. Woyamba ndi kubwerekera chinthu chosabala, monga chitenje cha paukwati, kapena kubwerekera mwamuna kapena mwana amene sadzabweza, dzina lolembedwa m'kaundula lili lanu. Wachiwiri ndi kulowa magulu atatu kapena anayi, kumabwereka uku kuti mubweze uko, kufikira mutagwa m'manja mwa a katapila ndi kulandidwa ziwiya. Wachitatu ndi kusunga ndalama zogawana zili zamapepala, pakuti mu Novembala 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo wosunga pansi pa mphasa adadzuka wosauka. Mwezi wogawana usanafike, dziwiranitu chimene mudzagula: mbuzi, nkhumba, malata, ming'oma ya njuchi, mbewu ya mpendadzuwa, kapena makina osokera.

Amayi a ku mapiri a Misuku ali ndi mwayi wina, ndiwo khofi, amene alimi ang'onoang'ono amagulitsa kudzera m'kopaletivi yawo, imene ili pansi pa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Mbande ya khofi imayamba kubereka pakatha zaka ngati zitatu, ndipo ikasamalidwa imabereka zaka zambiri. Tsono mayi wobzala ali ndi zaka 45 adzathyola asanakwane 50, nadzadyabe phindu lake ali nkhalamba. Chofunika n'chakuti mitengoyo ilembedwe m'dzina la iye amene akuipalira, popeza malipiro amatsata dzina la m'kaundula, osati thukuta. Msewu wa phula wa ku Karonga, wa makilomita pafupifupi 100, umene udamangidwa ndi thandizo la dziko la China, udafupikitsa ulendo umene kale unkadya tsiku lathunthu m'dzinja, kotero kuti nyemba, uchi ndi mafuta a mpendadzuwa zikhoza tsopano kufika kumsika wa kutali zisanaonongeke.

Funso: Kwathu kuno mkazi amalowoledwa, nakakhala kwa mwamuna. Bambo akatsogola, kodi munda ndi nyumba sizidzatengedwa ndi abale awo?

Yankho: Mantha amenewa ali ndi maziko, pakuti m'mabanja a malowolo munda umatsata mbumba ya mwamuna, ndipo akazi amasiye ambiri abwezedwa kwawo ali ndi mtolo wa zovala zokha, atagwira ntchito zaka 30 pamalo pamene sadawerengedwe mwini. Mwambo weniweni wa makolo sudali wotero, popeza malowolo ankamanga abale a mwamuna kuti asunge wamasiye ndi ana ake. Umbombo ndiwo udasunga gawo la kutenga, nutaya gawo la kusunga.

Lamulo la dziko lili kumbali ya wamasiye. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo pa abale ena onse, limasiya katundu wa m'nyumba m'manja mwa wamasiye, ndipo limayesa kulanda chuma cha masiye mlandu wopita nawo kundende. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limaletsa miyambo yovulaza, kotero kuti palibe angakakamize mkazi kulowedwa chokolo. Lamulo la malo a mafumu la 2016 lidakonza kuti m'makomiti oona za malo a m'midzi mukhale amayi, ndiponso kuti munthu akhoza kulembetsa munda wake, kaya yekha kaya pamodzi ndi mnzake wa m'banja.

Komatu lamulo limathandiza wokonzekeratu, ndipo nkhanga zidapangana kusanapse. Nthawi yabwino yokambirana za wilo ndi pamene nonse muli athanzi: ilembedwe, isainidwe pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirako kanthu, ndipo isungidwe pamalo odziwika. Sungani malisiti a malata, a njinga ndi a ng'ombe zimene mudagula ndi ndalama zanu. Tsoka likagwa, anthu nayamba kutulutsa katundu, pitani kwa mfumu, ku ofesi ya DC, ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, kapena kubwalo la majisitireti, ndipo musapite nokha.

Funso: Nanga bambo akunyumba akakana, nati mkazi woyendayenda m'magulu adzayamba mwano?

Yankho: Kawirikawiri chimene chili pansi pa mawu otere ndi mantha, pakuti mwamuna naye ali m'zaka zake zapakati, mphamvu zikuchepa, fodya sakugulidwa monga kale, ndipo aopa kusekedwa ndi anzake kuti akudyetsedwa ndi mkazi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sankhani nthawi imene mtima wawo uli pansi, afotokozereni chimene mufuna kuchita ndi phindu lake pa banja, aonetseni kabuku ka masheya, ndipo phindu loyamba lioneke pakhomo, kaya ndi thumba la feteleza kaya ndi fizi ya mwana. Zikakanika, ankhoswe, azakhali ndi akulu a mpingo alipo, popeza akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Amuna ambiri amene adayamba ndi kukana adatsiriza ndi kufunsa tsiku logawana.

Koma kudekha kuli ndi malire ake. Kumenya, kulanda ndalama zimene mkazi wapeza, kumtsekera m'nyumba ndi kummana chakudya ndi nkhanza, ndipo lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa wozunzidwa mphamvu yokapempha chitetezo kubwalo la milandu. Kupirira kumene amayi amalangizana pa ukwati n'kwa pa umphawi, pa matenda ndi pa zofooka za munthu. Sikudali kwa kudikira imfa.

Funso: Ana anga adakula, koma anditumizira adzukulu asanu kuti ndilere, ena amasiye. Mpata umene mukunenawo uli kuti?

Yankho: Apa tiyenera kunena zoona, kuti kwa amayi ambiri a ku Chitipa nyumba siikhala yopanda ana, ndipo mbadwo uno wa agogo ndiwo udanyamula dziko pamene mliri wa Edzi udatenga ana awo. Ntchito imeneyi ndi yolemekezeka pamaso pa Mulungu ndi anthu. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo gogo ali ndi ufulu wogawa katunduyo. Makolo amene ali moyo ndipo ali pantchito kutauni auzidwe poyera, pamaso pa akulu a banja, ndalama zimene azitumiza mwezi ndi mwezi, chifukwa kulera mwana ndi udindo wa wombala. Adzukulu aamuna aphunzire kutunga madzi, kuphika ndi kuchapa mofanana ndi aakazi. Banja limene lili pa umphawi wadzaoneni ndipo lilibe wogwira ntchito lifunse kwa alangizi a zachisamaliro cha anthu za Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene idayambira ku Mchinji mu 2006 nifalikira m'maboma onse.

Pamene mpata waukulu palibe, patulani waung'ono, nimuutchinjirize: masana a tsiku limodzi pa sabata, amene banja lonse lidziwa kuti amayi ali kukalasi, kukwaya kapena kugulu, ndipo nsima aphika ena. Ndiponso dziwani kuti chisoni chimene sichichoka kwa masabata ambiri, chochotsa tulo ndi chilakolako cha chakudya, chofikitsa munthu polakalaka imfa, ndi nthenda imene ili ndi chithandizo kuchipatala, ndipo kuiulula si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Funso: Kodi mayi wa kumudzi angakhale mtsogoleri pa msinkhu umenewu?

Yankho: Msinkhu umenewu ndiwo wake wa utsogoleri, ndipo makolo adadziwa zimenezi, pakuti mkazi wosiya kubereka ndiye ankalangiza anamwali, ankayang'anira za m'chikuta ndi za pamaliro, ndipo mawu a azakhali ankamveka ngakhale pa milandu ya amuna. Masiku ano mabwalo achuluka: Umanyano wa mu Sinodi ya Livingstonia, mabungwe a amayi a mu Dayosizi ya Karonga, imene idakhazikitsidwa mu 2010, makomiti a chitukuko a m'midzi, a sukulu, a mijigo ndi a nkhalango, ndi magulu a amayi oyang'anira atsikana pasukulu. M'mabwalo onsewa amayi amadzaza mabenchi, koma pofika posankha wapampando amakankhana zigongono, nasankha mwamuna. Dzina lanu likatchulidwa, musayankhe kuti aliponso ena.

Zitsanzo zilipo m'dziko lathu lomwe lino. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto adagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba zaka 27, ndipo adali ndi zaka za m'ma 40 pamene adaitanidwa kukalowa ufumu ku Dedza mu 2003. Ntchito imene dziko lonse lapansi lidawadziwira, yothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera atsikana kusukulu, adaichita m'chigawo chachiwiri cha moyo wawo. Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'Malawi, adagwidwa mu 1981 natuluka m'ndende mu 1993 ali ndi zaka 60, amuna awo a Orton Chirwa atafera m'ndende momwemo; ndipo m'malo mokhala pansi adayambitsa bungwe lothandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo. Mtsikana wa kwa Kameme kapena ku Wenya amene akukankhidwira kubanja asanakwane zaka 18, zimene lamulo la maukwati la 2015 likuletsa, sadzapulumutsidwa ndi mlendo wochokera ku Lilongwe, koma ndi mayi wa pamudzi pomwepo amene saopanso kulankhula.

Tichenjezepo chimodzi. Mkazi wachikulire akayamba kupeza bwino, kapena akakhala yekha, nsanje imafulumira kumutcha mfiti, ndipo m'chigawo cha kumpoto, monganso m'zigawo zina, nkhalamba zavulazidwa ndi kuphedwa pa mlandu wopanda mboni umenewu. Lamulo la 1911, limene likugwirabe ntchito, limalanga wonenera mnzake ufiti. Linga lolimba koposa la mayi wotere ndi anzake a m'gulu, amene adziwa gwero la mbuzi iliyonse ili m'khola mwake, ndipo akhoza kuimirira pabwalo ndi kuchitira umboni.

Funso: Zonsezi zachuluka. Kodi ndiyambire pati?

Yankho: Yambirani pa thupi, chifukwa zina zonse zitsamira pamenepo: mwezi uno usanathe, pitani mukayezetse khomo la chiberekero, kuthamanga kwa magazi, shuga ndi maso. Pambuyo pake sankhani chinthu chimodzi chokha mwa zimene tatchulazi, chimene mtima wanu wakhala ukuchilakalaka chiyambire utsikana, kaya ndi kuwerenga, kaya kusoka, kaya munda wa khofi, kaya kuimba, ndipo musachipepese kwa munthu ngakhale chikhale chosabweretsa ndalama, popeza munthu sadalengedwere khasu lokha. Mukatero uzani mnzanu mmodzi wokhulupirika, mupangane tsiku loyambira, kuti wina akafooka mnzake akamgogodere pakhomo. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndipo mayi amene adikira kuti adzukulu onse akule, ngongole zonse zithe ndi anthu onse avomereze, adzadikira kufikira mawondo atakana. Amene ayamba chaka chino ali ndi zaka 48, pofika pa 55 adzakhala akuwerenga yekha kalata ya kuchipatala, akuthyola khofi wa m'dzina lake, ndipo akuphunzitsa mpongozi wake njira imene iye adaiyenda.